Lamulo la Le Chatelier ndi Thumba la Feteleza

Anzanga, ambiri a ife tikamva mau akuti equilibrium timayesa kuti zonse zaima chiriri. Inenso ndinalemba chomwecho pa mayeso a teremu yatha, ndipo pepala langa linabwera lofiira ndi inki. Tsono ndati ndilongosole pano kuti ena asagwe m'mbuna yomweyo.

Taganizani za chipinda chathu chodyeramo. Ngati pa mphindi iriyonse alowa anyamata 10 ndi kutuluka 10, chiwerengero cha m'katimo sichisintha, koma pakhomo anthu ali kuyendabe. Equilibrium iri chomwecho. Mankhwala ali kuphatikana kupanga chinthu chatsopano, ndipo chatsopanocho chiri kuphwasukanso pa liwiro lofanana.

M'chaka cha 1884 Henri Le Chatelier wa ku France ananena lamulo lake, lakuti tikasintha kutentha, kupanikiza kapena kuchuluka kwa mankhwala, equilibrium imapendekera kumbali imene ichepetsa kusinthako.

Tiyeni tiliyese lamuloli pa amoniya. Gawo limodzi la mpweya wa nayitrojeni ndi magawo 3 a hayidrojeni zipanga magawo 2 a amoniya, ndi kutulutsa kutentha:

N₂ + 3H₂ ⇌ 2NH₃

Tikapanikiza mipweyayi, equilibrium ipita kumanja, pakuti magawo 2 afuna malo ochepa kuposa magawo 4. Tikachotsa amoniya amene wapangidwa, wina apangika kulowa m'malo mwake. Koma tikaonjeza moto, amoniya aphwasuka, chifukwa kuphwasukako ndiko kumeza kutentha.

Apa mpamene pagona vuto. Pozizira amoniya achuluka, koma ntchito iyenda ngati kamba, kotero kuti mwini fakitale angadikire mpaka imvi. Potentha ntchito ifulumira, koma amoniya achepa. Nchifukwa chake amasankha pakati: kutentha kwa madigiri pafupifupi 450, kupanikiza koposa kwa mpweya wotizinga nthawi ngati 200, ndi chitsulo chofulumizitsa ntchito, chimene achitcha catalyst. Chenjerani apa, pakuti funsoli lagwetsa ambiri: catalyst siichulukitsa amoniya ai, ingofupikitsa nthawi yofikira equilibrium. Pa ulendo umodzi magawo ngati 15 okha mwa 100 ndiwo asanduka amoniya. Ameneyo amamziziritsa kuti akhale wamadzi ndi kumchotsa, ndipo mipweya yotsala imabwezedwa kuti izungulirenso.

Fritz Haber wa ku Germany ndiye anaonetsa njirayi m'chaka cha 1909, ndipo Carl Bosch anaikuza mpaka fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau m'chaka cha 1913. Kuchokera ku amoniya ndiko kumapangidwa urea amene makolo athu amathira m'chimanga, ndipo ena a ife fizi yathu ichokera m'chimanga chomwecho.

Tsono pa mayeso musathamangire kulemba. Yambani mwawerenga magawo a mpweya mbali zonse ziwiri, kenaka dzifunseni mbali imene itulutsa kutentha. Mukatero yankho lidzadza lokha.

Wophunzira wa Fomu 4