Thupi Likalemera, Yambani ndi Njinga

Uthenga kwa abambo ndi amayi a m'boma la Thyolo

Matenda othamanga magazi (BP) ndi a shuga salinso a anthu a m'tauni okha. Kafukufuku yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe la WHO anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Kafukufuku wina wa mu 2015 ndi 2016 anaonetsa kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupitirira muyeso. Wothyola tiyi amene amatandala m'munda dengu lili kumsana sasowa thukuta. Uthengawu ukupita kwa kalaliki wa pa esiteti, dalaivala, mphunzitsi, ndi mayi wogulitsa pamsika wa Bvumbwe kapena Luchenza, amene tsiku limawathera pampando, ndipo mtunda womwe kale ankayenda pansi lero amaukwerera njinga yamoto. Kwa inu, njinga yakapalasa ndiyo poyambira pabwino.

Chifukwa chake chili m'mawondo. Munthu akamayenda pansi, bondo limalandira mphamvu yoposa kawiri kulemera kwa thupi lake nthawi iliyonse akaponda, ndipo akamathamanga imaposa pamenepo. N'chifukwa chake onenepa ambiri akayamba zothamanga amasiya msanga, mawondo ndi akakolo zikuwawa. Pa njinga thupi limasenzedwa ndi chishalo, miyendo imangozungulira, koma mtima ndi mapapo zimagwira ntchito mokwanira. Bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, zomwe ndi mphindi 30 pa tsiku kwa masiku 5. Phindu lake sililira kuti muonde kwambiri. Ku America, kafukufuku yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2002 anatsata anthu onenepa oposa 3,000 omwe shuga wawo anali atayamba kukwera. Mwa omwe anathandizidwa kulimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, kusintha kadyedwe ndi kuchepetsako thupi pang'ono chabe, chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti. Ngakhale sikelo isanasunthe, kupalasa kawirikawiri kumatsitsa BP komanso kumathandiza thupi kugwiritsa ntchito bwino shuga wa m'magazi.

Ena adzati kunenepa ndi chizindikiro choti pakhomo zikuyenda, ndipo munthu akayamba kutsika thupi anthu amayamba manong'onong'o. Mantha amenewa ngomveka m'boma lomwe linaona maliro ambiri a Edzi mankhwala a ma ARV asanafike. Koma BP yokwera siwawa ayi, imangodzaonekera tsiku lomwe munthu wafa ziwalo mbali imodzi, ndipo pamenepo onong'ona aja sadzabwera kudzakusambitsani. Ngati mukumwa ma ARV ndipo thupi likuwonjezeka, musasiye mankhwala. Kakambiraneni ndi achipatala, kwinaku mukupalasa.

Ena amaopa kuti njinga iwathyokera. Taonani akabaza: tsiku lonse amanyamula munthu wamkulu pakaliyala, nthawi zina ndi katundu wake yemwe. Kaliyala wa njinga ya Buffalo anapangidwa kuti azisenza makilogalamu 100. Chofooka pa njinga si chitsulo chake koma gudumu lam'mbuyo, choncho mmisiri akunge masipoko onse mofanana, ndipo matayala azikhala opopa bwino kuti limu isagunde mwala n'kutsina chubu. Chishalo chikhale chotakata. Poyeza kutalika kwake, khalani pachishalo, ikani chidendene papedulo ili pansi, ndipo mwendo uwongoke. Chishalo chotsika kwambiri ndicho chimapweteketsa mawondo. Kumva kuwawa pokhalira masabata oyamba n'kwachibadwa ndipo kumatha. Amayi angasankhe njinga yopanda mtanda, n'kumanga chitenje mokweza kapena kuvala buluku mkati kuti nsalu isakodwe mu tcheni. Amene simunaphunzirepo, tsitsani chishalo kuti mapazi afike pansi, muzikankha ndi miyendo pabwalo la mpira mpaka thupi lizolowere, mapedulo pambuyo.

Chodandaula chenicheni kuno ndi zitunda, pakuti malo a fulati ngosowa ndipo njinga zambiri zilibe magiya. Musalimbane nacho chitunda. Tsikani muziikankha, chifukwa kukankha njinga pokwera ndi kulimbitsa thupi komweko. Sabata ziwiri zoyamba palasani mphindi 10 zokha, katatu pa sabata, kenako muziwonjezera mphindi 5 sabata iliyonse mpaka mufike 30. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Liwiro loyenera ndi loti mukupuma mofulumira koma mukutha kuyankha moni. Njira yosavuta yopitirizira ndi kusandutsa ulendo wa kuntchito, kutchalitchi, kumzikiti kapena kuchigayo kukhala wa pa njinga, ndipo ndalama ya kabaza imatsala m'thumba.

Kutsetsereka ndiko kumafuna chenjezo loposa. Thupi lolemera limatenga mtunda wautali kuti liime, ndiye yesani mabuleki onse awiri musananyamuke, ndipo potsika muziwagwira pamodzi kuyambira pamwamba. Nthawi ya chiperoni limu yonyowa sigwira bwino mabuleki, dothi lofiira limaterera, ndipo nkhungu imakubisani kwa madalaivala. Pamsewu wa Limbe kupita ku Thyolo, komwe maminibasi ndi malole ndi ambiri, yendani kumanzere, valani zowala ndi chipewa choteteza mutu, ndipo pewani mdima. Misewu ya m'minda ya tiyi ili ndi eni ake, choncho pemphani kaye, ndipo samalani ndi mathirakitala.

Musanayambe, kayezetseni BP ndi shuga pachipatala cha boma cha Thyolo, ku Malamulo ku Makwasa, kapena funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu komwe mungayezetse. Amene mukumwa mankhwala a shuga musapalase ndi njala, ndipo tengani madzi ndi kachakudya kotsekemera. Mukamva kuwawa kapena kupanikizika pachifuwa, chizungulire, kapena kubanika kosaneneka, imani pomwepo ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Pakatha miyezi 3 mukayezetsenso, muone zomwe zalembedwa m'buku lanu la kuchipatala.