Phunziro: Kachipangizo kothandiza mwana kumva

Ana ena kuno ku Mchinji amabadwa ndi vuto losamva bwino. Ena amalipeza atadwala malungo aakulu, chikuku, matenda oumitsa khosi, kapena khutu litatuluka mafinya kwa nthawi yaitali. Ambiri mwa ana amenewa amamvako ndithu. Mukaitana amacheuka, koma zimene mwanena sazitola. Kunyumba timawanena kuti ndi amwano, pamene vuto lili m'khutu.

Pali kachipangizo kamene mwana amavala kuseri kwa khutu. Kali ndi maikolofoni yotola mawu, mbali yokweza mawuwo, ndi kasipika kowatumiza m'khutu kudzera m'kapaipi. Kamayendera kabatire kakang'ono. Kumapeto kwa kapaipiko kumakhala chotsekera chofewa, choumbidwa molingana ndi khutu la mwini wake.

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito yake ndi kukweza mawu basi. Ayi. Wailesi ikakhala kuti simunaitchere bwino pa siteshoni, kukweza voliyumu kumangochulutsa phokoso. N'chimodzimodzi ndi kachipangizoka.

Mawu amene timayankhula sali ofanana. Maliwu monga a, o ndi u ndi amphamvu, amamveka patali. Koma s, f, th ndi ph ndi opyapyala, ndipo ndi amene ana ambiri a vutoli amawaphonya. Mayi akati "sukulu", mwana amamva "ukulu". "Kupha" ndi "kutha" kwa iye ndi mawu amodzi. Tsono mukakweza zonse mofanana, maliwu amphamvu aja amamuboola m'khutu, opyapyala aja osamvekabe. Mwana amalira n'kukavula, makolo n'kumati kachipangizo n'kachabe.

N'chifukwa chake katswiri wa za makutu amayamba wayeza khutu lililonse palokha. Amamumvetsera mwana timaphokoso tosiyanasiyana, tobuluma ndi topyapyala, n'kulemba pamene wayamba kumva. Akatero amakatchera kachipangizo pa kompyuta. Maliwu amene mwana amawaphonya amawakweza kwambiri, amene amawamva kale amawakweza pang'ono. Amaikanso malire kuti phokoso lalikulu, monga hutala ya minibasi, lisamupweteke. Akakatsitsa kwambiri, mwana amamva ngati anthu akung'ung'udza. Akakakweza mopitirira, kakhoza kuononga kumva kumene kunatsala.

Apa mumvetsetse, makolo anzanga. Ngalande ya khutu la mwana ndi yaing'ono, choncho mawu omwewo amamveka mokwera kwa iye kuposa kwa munthu wamkulu. Musamuveke mwana kachipangizo ka agogo ake. Musagule kongoyalidwa pamsika, kaya kuno kaya ku Chipata, n'kumuveka osamuyezetsa. Ndalama mudzataya, khutu la mwana n'kulionongeratu.

Mwana amakula, khutu nalonso limakula. Chotsekera chija chikayamba kukhwepa, mawu amathawira kunja ndipo kachipangizo kamaimba likhweru. Musatsitse voliyumu kuti kakhale chete, chifukwa mukatero mwana samvanso. Pitani naye akamuumbire china. Kwa khanda zimenezi zimachitika miyezi ingapo iliyonse.

M'mawa uliwonse muyeseni. Imani kumbuyo kwake kuti asaone milomo yanu, munene chimodzichimodzi: a, i, u, m, s, sh. Abwereze, kapena aombe m'manja akamva. Ngati dzulo amamva "s" koma lero ayi, onani batire, kenako onani ngati phula la m'khutu latseka kapaipi. Kachipangizoka sikafuna madzi. Muzimuvula posamba ndi pogona. Mabatire muzibisa, pakuti mwana akameza ndi ngozi yaikulu.

Ngakhale katatcheredwa bwino, kamatola bwino mawu a munthu amene ali pafupi. M'kalasi ya ana ochuluka, mvula ikugunda pa malata, mwana amavutikabe. Kawapempheni aphunzitsi kuti azimukhazika kutsogolo, ndipo aziyankhula atamuyang'ana. Kuphunzira chinenero chamanja sikumulepheretsa kuyankhula, ndipo ana amene kachipangizo sikawathandiza mokwanira amaphunzira bwino ndi chinenerochi, monga kusukulu ya ana osamva ya ku Mua, m'boma la Dedza.

Mukakayikira makutu a mwana wanu, musadikire kuti ayambe sukulu, chifukwa mwana amaphunzira kuyankhula m'zaka zoyambirira. Yambani kuchipatala chapafupi kapena chipatala chachikulu cha pa boma, akamuone ngati muli mafinya kapena phula. Kuyeza kwenikweni ndi kutchera zipangizo kumachitika ku Lilongwe, ku kiliniki ya makutu ya ABC ku Area 47, ndiponso ku Blantyre, ku chipatala cha Queen Elizabeth. Popita tengani buku la kuchipatala la mwanayo, ndipo mufunse tsiku lodzabweranso naye.