Makalata a Amayi: Za Mtima Wosautsika m'Banja

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa kufupi ndi Embangweni, amene dzina lake talisunga monga anapempha. Akuti: "Bambo a kunyumba anapita ku Joni kalekale, ndipo ndalama amatumiza kwa apongozi anga, ine ndingomva mphekesera. Tikayankhulana pa foni timathera kukangana. Sindiona tulo, ndipo ndayamba kukalipira ana popanda chifukwa. Kodi ndachimwa?"

Mayi, mkwiyo wanu si tchimo ayi, pakuti mkazi amene anasiya kwao nadzakhala pamudzi pa mwamuna, monga uli mwambo wa kuno kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, amene alima yekha, alera yekha, nasowa mawu pa chuma cha nyumba yake yomwe, sangalephere kuwawidwa mtima. Kumbukirani Hana, amene analeka kudya chifukwa cha mkazi mnzake, kufikira tsiku limene anatula chisoni chake ku Silo, Eli namumva. Pamenepo m'pamene anadyanso. Chimene ndikuopa ine ndicho chakuti mkwiyo umene wasowa kolowera ukutsikira pa ana, amene alibe mlandu.

Tsono mukamva mtima ukugunda ndi manja akunjenjemera, musaimbe foni nthawi yomweyo, ngakhale kuyankha mwana; tulukani panja, pumani mpweya pang'onopang'ono kufikira thupi litazizira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa tsiku loyankhula ndi bambowo sankhani nkhani imodzi yokha, ya ndalama za sukulu kapena za feteleza, ndipo munene chimene mukusowa, osawerenga zolakwa za zaka zonse. Nkhani ya apongozi itengereni kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, agwirizane gawo limene lidzafika m'manja mwanu. Ku Umanyano, gulu la amayi a mumpingo, pezani mayi mmodzi wosunga chinsinsi. Ndati mmodzi, chifukwa nkhani youza gulu imafika kumsika inu musanafike kwanu.

Ena amanyoza kuyankhula, amati sikuchiza kanthu. Koma ku Harare, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu osautsika mtima atakhala nawo pa benchi kunja kwa chipatala, ndipo ntchitoyo, yotchedwa Friendship Bench, inathandiza ambiri nifalikira kumaiko ena. Kusowa tulo ndi kusafuna chakudya kukapitirira masabata awiri, makamaka mukayamba kuganiza zakuti imfa ikadakhala bwino, pitani msanga ku chipatala cha mishoni cha Embangweni kapena cha boma ku Mzimba. Ku Mzuzu kulinso a St John of God, amene ntchito yao ndiyo ya matenda a maganizo.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wa ku Jenda. Akuti amuna ake amam'menya akaledzera, ndipo atathawira kwao atate ake anam'bweza, nati ng'ombe za malowolo analowolera kale mlongo wa mayiyo, apirire basi.

Mwana wanga, uphungu umene ndapereka poyamba uja suli wa inu lero, pakuti kudziletsa kuli kwa munthu amene alimbana ndi mtima wake, koma inu mulimbana ndi ndodo, ndipo palibe kupuma mpweya kumene kungaletse dzanja la woledzera. Ng'ombe zinamanga ubale wa mabanja awiri. Sizinagule thupi lanu. Dziko lino lili ndi lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja, limene lipatsa khoti mphamvu yolamula womenyayo kuti aleke, ngakhale ukwati usanathe. Pitani ku polisi ya Jenda, mufunse ofesi ya Victim Support Unit. Kumeneko adzakupatsani kalata ya kuchipatala kuti mabala alembedwe asanapole. Pitani ndi azakhali anu kapena mkulu wa mpingo, ndipo ana muwasiye kwa mnansi wodalirika kufikira mutabwerako.