Kuphunzitsa ana pakhomo, manja ali pa ntchito

Makolo a ku Phalombe aona sukulu zikutsekedwa kangapo m'zaka zochepa. Pa 23 Marichi 2020 boma linatseka sukulu zonse m'dziko muno chifukwa cha Covid-19, ndipo ana a makalasi ang'onoang'ono sanabwerere mpaka mu Okutobala. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula nyumba ndi milatho, madzi ndi miyala zochokera m'phiri zinasesa midzi ya kwa Nkhulambe, ndipo zipinda zambiri zophunziriramo zinasanduka mogona anthu othawa madzi. Koma ngakhale chaka chopanda tsoka chili ndi masiku ake. Mtsinje wa Phalombe kapena wa Sombani ukadzaza mu Januwale ndi Febuluwale, palibe kholo lanzeru lomwe lingauze mwana wa Sitandade 1 kuti awoloke.

Masiku otere mwana amatsala m'manja mwa mayi ake. Bambo mwina ali ku Joni, ku Mozambique kapena kuminda ya tiyi ku Mulanje, ndipo ngakhale atakhalapo, kawirikawiri amalawirira kokasaka ndalama. Mayi yemweyo ndiye wa kumjigo, wa kunkhuni, wa kumunda, wa kuchigayo, uku mkeka womwe anauyamba ukudikira tsiku la msika ku Migowi kapena ku Chiringa. Ndiye wina akabwera ndi uphungu woti ana aziphunzitsidwa pakhomo, mayi amangofunsa kuti, "Nthawi yake iti?" Funsolo ndi lomveka. Yankho langa ndi lakuti musayese kumanga sukulu pakhomo panu, ya belu ndi maphunziro asanu ndi awiri. Patulani kanthawi kamodzi kokha patsiku ka kuwerenga, zina zonse zilowe m'ntchito zomwe mukugwira kale.

Kanthawi kameneka theka la ola ndi kokwana, ndipo kwa mwana wa zaka 6 kapena 7 mphindi 20 zimamukwanira. Chofunika ndi chakuti kakhale nthawi imodzimodzi, malo amodzimodzi, pamkeka umodzimodzi. M'nyengo yolima, pomwe anthu amapita kumunda m'bandakucha n'kuweruka dzuwa likakwera, nthawi yabwino ndi mukangotha kudya nsima ya masana, pamthunzi. M'chilimwe mutha kuyamba m'mawa akangomwa phala. Usiku ayi. Mwana amakhala atatopa, inunso mwatopa, ndipo tochi imodzi ya pakhomo ikufunidwa kukhitchini. Musamukhazike ali ndi njala. Mbatata imodzi yowotcha imathandiza kuposa kukalipa.

Nanga muphunzitsa chiyani? Kuwerenga. Mwana akadziwa kuwerenga, maphunziro enawo angathe kuwatola yekha, pomwe wosadziwa amangokwera makalasi ali mumdima. Kuyambira 2016 sukulu za boma zimatsata ndondomeko ya National Reading Programme, yomwe imayamba ndi liwu la lembo, kenako maphatikizo, kenako mawu. Tsatani njira yomweyo kuti musamusokoneze. Yambani ndi a, e, i, o, u. Akazigwira, tengani lembo limodzi, mwachitsanzo m, mumuuze liwu lake (milomo yotseka, mmm, osati "emu" wa Chingerezi), ndipo muphatikize: ma, me, mi, mo, mu. Mawa lake t. Masiku awiri okhawo mwana watha kale kuwerenga moto, mutu, meta, tema. Chichewa chili ndi mwayi wakuti chimalembedwa monga momwe chimanenedwera, choncho mwana akagwira maphatikizo amathamanga. Malembo ophatikizana ngati nkh, mph, tch ndi ng' muwasungire mtsogolo. Amagwetsa mphwayi akabwera msanga. Mukakumana ndi aphunzitsi ake kutchalitchi kapena kumsika, afunseni kuti kalasi inalekera pa lembo liti, muyambire pamenepo.

Zipangizo musagule. Pabwalo posesedwa bwino ndi kamtengo ndiye bolodi loyamba, ndipo mwana saopa kulakwitsa chifukwa amangofufuta ndi phazi. Katoni yopempha kugolosale idulidwe timapepala, pa kalikonse mulembepo phatikizo limodzi ndi khala, mwana aziyala yekha kupanga mawu. Aphunzitsi amachita zomwezi m'kalasi, amazitcha TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi. Chimodzi chokha ndikuletseni: ena amaswa mabatire akale kuti atenge zakuda zam'kati zodetsera bolodi. Zimenezo ndi poizoni, ndipo ana amanyambita zala. Makala osinja ndi okwanira. Kope ndi pensulo zikhale za zomwe mwana wazidziwa kale, mizere iwiri kapena itatu patsiku, ndi deti pamwamba.

Amayi ena anena kuti, "Ine sukulu ndinalekera Sitandade 3, ndiphunzitsa chiyani?" Mayi, makutu muli nawo. Mwana wa Sitandade 4 akhale pambali panu akuwerengereni mokweza buku lake la Chichewa, inu manja ali pa mlaza. Akafika posamveka, mumva ndithu kuti sizikumveka, mumuuze abwereze. Akamaliza mufunseni kuti, "Ndiye zinatha bwanji? Iwe ukanatani?" Mafunso awiriwa amagwira ntchito yomwe mphunzitsi wa ana oposa 100 m'kalasi sangaipezere nthawi. Komanso kuno kwathu kwa chikamwini, achemwali, amayi aang'ono ndi agogo amakhala pamalo amodzi. Gwirizanani. Lero ana onse a pamudzipo, anayi kapena asanu, akhale ndi uyo amatha kuwerenga, wina atenge matumba a mabanja onse awiri kupita nawo kuchigayo. Mawa musinthane ntchito zina. Msuweni wa Fomu 2 amene wangokhala naye apatsidwe tsiku lake.

Masamu safuna mkeka, ali kale m'ntchito. Mukamayala milu ya tomato, mwana awerenge: milu isanu ya anayi anayi ndi angati onse? Kumeneko ndiko kuchulukitsa. Mukamathira nandolo kapena mpendadzuwa m'thumba, iye azilemba kamzere pansi pa ndowa iliyonse. Timitengo timangidwe m'mitolo ya khumi khumi, kuti aone ndi maso kuti 34 ndi mitolo itatu ndi timitengo tinayi. Mwana amene wagwira zimenezi ndi manja savutika ndi kuwonkhetsa kapena kuchotsera kobwereka. Wamkulupo aziwerengera chenji mukamagulitsa zitumbuwa, ndipo madzulo a tsiku la banki mkhonde mumupatse kabuku kanu awerengere kuti masheya anu afika ndalama zingati. Ndalamazo zilinso ndi nkhope. Pa K200 pali Rose Chibambo, pa K500 pali John Chilembwe wa ku Chiradzulu, pa K1,000 pali Kamuzu Banda. Mwana akafunsa kuti ameneyu ndani, phunziro la mbiri layamba, ndipo mukasowa yankho mutumeni kwa agogo ake aamuna.

Tsopano za ntchito zamanja, pomwe amayi ambiri amapsera mtima. Ntchitozi si zofanana. Zina zimalola kucheza, zina sizilola, ndipo mavuto amayamba mukazisakaniza. Kuluka mkeka, kusoka mphasa, kuluka madoyilo ndi zipewa, kutong'ola chimanga, kusankha nyemba: zimenezi manja amazidziwa okha, maso ndi makutu angakhale pa mwana. Muzisungire nthawi ya kuwerenga ija, kuti theka la ola lisakhale lotayika kwa inu. Koma kudula nsalu ya mwini wake, kupalasa makina osokera, kukazinga mandasi m'mafuta owira, kuwotcha mbaula kapena njerwa, zimenezi zimafuna mutu wonse. Mukazichita uku mukuphunzitsa, mudzawononga chitenje cha kasitomala, mwana n'kulandira mbama yopanda chifukwa, kapena wina apsa. Zichiteni ana akapita kosewera kapena akakhala kwa achemwali anu.

Musayambe zinthu zitatu pakamodzi. Mkeka wosatha, diresi losatha ndi khola la nkhuku lopanda denga sizibweretsa ndalama, zimangodzaza khonde ndi kukudzudzulani mukadutsa. Malizani chimodzi, chigulitsidwe kapena chigwire ntchito, kenako china. Yang'ananinso nyengo. Chitetezo mbaula imafuna dothi lovundikidwa bwino ndi masabata oumira pamthunzi isanawotchedwe, choncho ndi ntchito ya chilimwe. Bango ndi mlaza zimaumanso bwino nthawi yomweyo. Kufolera denga ndi kuzira nyumba kuthe mvula isanagwe. Disembala ndi Januwale ndi miyezi ya khasu: kupalira, kuthira feteleza, kubandira. Munthu akabwera ndi oda ya mikeka itatu nthawi imeneyo, mumuuze chilungamo kuti adzaipeza pa masika. Kulandira ndalama ya chikole pa tsiku lomwe mukudziwa kuti simungalikwanitse ndi kugula mkangano, ndipo choyamba kutayidwa pothamangira odayo ndi kanthawi ka mwana kaja.

Ana alowe nawo m'ntchito zamanja, chifukwa nalonso ndi phunziro. Wa zaka 5 angasankhe mlaza wautali ndi waufupi, wa zaka 8 angaluke nkhata kapena kuumba kang'ombe ndi dothi lotsala, wa zaka 12 angasokerere batani ndi kupinda mpendero. Koma pali malire pakati pa kuphunzira ntchito ndi kusanduka wantchito. Lamulo la dziko lino limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo fodya wamuwisi asamugwire n'komwe, chifukwa chikonga chake chimalowa pakhungu n'kumudwalitsa. Ndinene mosabisa za mwana wamkazi. Sukulu ikatsekedwa, iye ndiye amasanduka mayi wachiwiri: kumjigo iye, kubereka khanda iye, mbale iye, mchimwene wake ali ku mpira. Mu 2020 dziko lonse linadandaula ndi kuchuluka kwa mimba ndi maukwati a ana sukulu zili chitsekere, ndipo Phalombe inali m'gulu la maboma otchulidwa. Gawani ntchito mofanana. Mnyamata atsuke mbale, atunge madzi, sadzafa nazo. Nthawi ya kuwerenga ikakwana, mtsikana atule khanda, akhale pansi ngati wina aliyense. Ndipo musamutume yekha kukagulitsa malonda kumsika mpaka mdima.

Kamwana ka zaka 2 kapena 3 kamalanda pensulo ndi kung'amba kope chifukwa nakonso kakufuna kukhala nawo. Kapatseni khala lake ndi katoni yake, kapena chitini cha zitsononkho koti kazithira ndi kukhuthula. Timbewu ndi timikanda ayi, kangaike m'mphuno. Ngati m'mudzi muli sukulu ya mkombaphala ndipo ndi yotsegula, kapititseni m'mawa.

Wailesi ndi mthandizi wabwino ngati muli nayo. Ambiri akukumbukira pulogalamu ya Tikwere ya pa MBC, ndipo mu 2020 unduna wa zamaphunziro unaulutsanso maphunziro a pulayimale pa wailesi. Zikabweranso, dziwani ola lake, tchajani foni dzuwa lilipo, ndipo khalani pafupi, chifukwa mwana womusiya yekha ndi foni samvera phunziro. Madzulo asiyireni agogo. Nthano ndi zilapi zimaphunzitsa kumvetsera ndi kukumbukira, ndipo agogo akazinena m'Chilomwe musawadule. Mwana amatha kusenza zilankhulo ziwiri kapena zitatu popanda vuto. Mawa lake muuzeni afotokoze nthanoyo m'mawu ake, wamkulupo ailembe m'kope.

Masiku ena zidzakanika. Kugwa maliro, mwana adwala malungo, ufa watha ndipo mwapita kukagwira ganyu. Tsiku lotere lipite. Musabwezere mawa ndi maola awiri, ndipo musamenye mwana chifukwa waiwala lembo lomwe dzulo amalidziwa; kuiwala ndi mbali ya kuphunzira, ingobwerezani. Chomwe chimapha ntchitoyi ndi kulekeza sabata yathunthu, kenako mwezi. Mabuku ndi makope muziwasunga m'jumbo, m'chidebe chotseka, pamwamba, pamodzi ndi buku la kuchipatala ndi chitupa. Anthu a boma lino anaona napolo wa ku Michesi mu 1991, anaonanso Freddy, ndipo akudziwa kuti madzi akamabwera sapereka nthawi yosonkhanitsa mapepala.

Zonsezi sizilowa m'malo mwa sukulu. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994, lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kuphunzira, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 mwana amalembetsa kudzera kusukulu. Choncho mtsinje ukaphwa kapena zitseko zikatsegulidwa, mwana abwerere tsiku loyamba lomwelo, ngakhale yunifolomu itang'ambika, ngakhale nandolo asanathe kumenya. Mutengereni kope lake lija, mukawaonetse aphunzitsi pomwe mwafika. Ngati pali chomwe chikumulepheretsa kubwerera, makamaka mtsikana, musakhale chete: kaonaneni ndi amayi a Mother Group a pasukulupo kapena ahedi sabata yomweyo.