Kawerengedwe ka Khobidi la Mkuwa la Aroma

Khobidi la mkuwa la Aroma likafika m'manja mwanu, musathamangire kulikwecha. Chikutu chobiriwira chili pamwambacho chinatenga zaka mazanamazana kuti chipangike, ndipo mukachichotsa ndi viniga mwaliwononga khobidilo. Madzi otchezedwa ndi kaburashi kofewa n'zokwanira.

Yambani ndi sikelo. Likalemera magalamu pafupifupi 25 ndipo mkuwa wake ndi wachikasu, ndi sestertius. Laling'ono lofiirira ndi as, ndipo ma as anayi ankakwana sestertius imodzi. Pakati pawo pali dupondius, lomwe kukula kwake kumasokoneza ndi as. Apa onani kumutu kwa mfumu: kuyambira nthawi ya Nero, dupondius kawirikawiri limaonetsa chisoti cha nsongansonga, pomwe pa as pamakhala nkhata ya masamba kapena mutu wosavala kanthu.

Kenako werengani zilembo zozungulira nkhope, ndipo kumbukirani kuti V amaimiranso U. IMP, CAES ndi AVG ndi maina aulemu. Chofunika kwambiri ndi nambala yotsatira TR P, zilembo zoimira mphamvu ina ya mfumu, chifukwa mphamvu imeneyi mfumu inkailandiranso chaka ndi chaka, choncho imakulozerani chaka chenicheni. Nambala yotsatira COS, udindo wina wa mfumu, sithandiza nthawi zonse: Hadrian anakhala COS III kuyambira 119 mpaka imfa yake mu 138. Zilembo zikafufutika, ndevu zingakuthandizeni, poti mafumu amene analamulira Hadrian asanalowe ufumu kawirikawiri ankaoneka ometa.

Tsopano tembenuzani, ndipo kuno musafulumire. Kuseriku n'kumene mfumu inkauza anthu wamba zomwe inkafuna kuti akhulupirire. Nero anaikapo doko la Ostia lodzaza zombo, kusonyeza kuti tirigu azifika ku Roma. Mu 71, Vespasian anaikapo mayi wolira atakhala pansi pa mtengo wa kanjedza, ndi mawu akuti IVDAEA CAPTA, kutanthauza kuti Yudeya wagonjetsedwa. Yerusalemu anali atagwa chaka chapitacho, ndipo chisoni cha ogonjetsedwa chinasanduka ndalama yogulira buledi. Zilembo S C zikutanthauza kuti nyumba ya malamulo ya Senate inavomereza.

Ngati S C palibe, yang'anani pansi pa chithunzicho. Diocletian atasintha ndalama cha m'ma 294, makobidi ankalembedwa mzinda umene anasulidwira: PLN ndi London, ALE ndi Alexandria.

Musanalipire wogulitsa, pendani m'mphepete. Aroma ankasula makobidi awa pomenya ndi nyundo. Msoko wozungulira kapena timaenje ta thovu kawirikawiri zimaulula khobidi lachinyengo lothiridwa m'chikombole.