Mphepo ikasasula denga, inshulansi imalipira zingati?

Mvula ikangoyamba mu Novembala kapena Disembala, kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi pali nkhani imodzi imene siilephera kumveka: denga lasasuka. Mwina ndi la nyumba ya munthu ku Mponela, mwina la buloko ya sukulu cha ku Malomo, mwina la tchalitchi cha ku Mvera. Malata amakatoledwa m'munda mwa eni atapindika ngati pepala, ndipo chimanga chimene chinali m'chipinda chanyowa chonse.

Lero ndikufuna tione zinthu ziwiri. Choyamba ndi fizikisi yeniyeni: n'chiyani chimanyamula denga? Chachiwiri ndi ndalama: ngati nyumbayo inali pa inshulansi, kampani ilipira zingati? Funso lachiwirili ndi la masamu a Fomu 1, koma limagwetsa akuluakulu ambiri.

Chimene chimanyamula denga

Ambiri timaganiza kuti mphepo imakankha denga monga mmene imakankhira chitseko. Kukankhako kulipo, koma chachikulu n'kukoka. Mphepo ikafika pakhoma imakhota kuti idutse pamwamba pa nyumba, ndipo pokhotapo imathamanga kwambiri. Pamene mpweya ukuthamanga chonchi pressure imatsika. M'nyumbamo mpweya uli phee, pressure yake ndi yokwererapo, ndiye malata amakankhidwa kuchokera pansi kupita kumwamba. Tengani pepala, muligwire pansi pa mlomo, muuzire pamwamba pake. Lidzuka. Denga limachitanso chimodzimodzi.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala. Kusiyana kwa pressure kumayandikira ½ × density ya mpweya × v². Kumtunda kuno mpweya ndi wopepukirako poyerekeza ndi kunyanja, choncho titenge 1.1 kg/m³. Mkuntho ukhale wa 25 m/s, amene ndi makilomita 90 pa ola.

½ × 1.1 × 25 × 25 = 344 Pa

Denga la mamita 10 ndi mamita 8 lili ndi 80 m². Mphamvu yokokera m'mwamba ndi 344 × 80, pafupifupi 27,500 N. Imeneyi ndi mphamvu yonyamula matumba 55 a chimanga a makilogalamu 50. Malata a denga lotere kulemera kwake ndi makilogalamu 300 kapena kuchepera apo. Ndiye njerwa zisanu zimene timasanjika pamalata zija zingathandize chiyani? Chogwira denga ndi misomali yabwino komanso waya womangira mitengo ya denga kukhoma.

Masamuwa ndi ongoyerekeza, poti kapangidwe ka denga kamasintha zinthu, koma onetsetsani v² uja. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Mphepo imathamanganso kwambiri ikamadutsa pamsonga pa phiri, n'chifukwa chake nyumba ya pachitunda imavutika kuposa ya kudambo. Ndipo chitseko cha mbali imene kukuchokera mphepo chikatseguka, mpweya umadzazana m'nyumba n'kuwonjezera pressure ya pansi pa malata. Mkuntho ukayamba, tsekani zitseko ndi mawindo.

Inshulansi imaima pa masamu a gulu

Palibe amene anganene kuti chaka chino lisasuke ndi denga la uje. Inu a Fomu 4 mukukumbukira radioactivity: sitingalose kuti ndi atomu iti imene isweke tsopano, koma tikakhala ndi maatomu mamiliyoni timadziwa bwino kuti theka lisweka pa nthawi yakuti. Inshulansi imayenda pa nzeru yomweyi.

Tiyerekeze nyumba 1,000, ndipo pa chaka zisanu zimawonongeka, iliyonse kukonza kwake K4 miliyoni. Zonse pamodzi ndi K20 miliyoni. Banja limodzi silingapeze K4 miliyoni lero ndi lero, koma mabanja onse 1,000 atasonkha K20,000 lililonse, asanu aja athandizika. Kampani imawonjezerapo ya malipiro a antchito ndi phindu lake. Zikufanana ndi kathumba ka zadzidzidzi ka ku banki m'khonde kamene amayi amasonkherako, kusiyana kwake n'koti kuno zonse zimalembedwa ndipo chimene sichinalembedwe sichilipiridwa.

Nzeruyi inakula moto utapsereza nyumba zoposa 13,000 mumzinda wa London mu 1666. Patapita zaka zingapo Nicholas Barbon anatsegula ofesi ya inshulansi ya moto, ndipo nyumba yamatabwa inkalipira kawiri poyerekeza ndi yanjerwa. Mpaka lero chiopsezo chikakula mtengo umakwera.

Masamu a gulu amavuta ngozi ikagwera onse nthawi imodzi, monga mmene namondwe wa Freddy anachitira ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023. N'chifukwa chake makampani nawonso amakadziikira inshulansi kumakampani akuluakulu. Izi amazitcha reinsurance.

Mawu amene mukawapeze papepala

Mapepala a inshulansi amalembedwa m'Chingerezi, ndipo nthawi zambiri wowerengera makolo ndi inuyo. Nawa mawu ofunika.

Policy ndi pangano lolembedwa pakati pa mwini nyumba ndi kampani. Kuno kwathu makampani monga NICO General, Britam ndi General Alliance ndi ena mwa amene amagulitsa inshulansi ya katundu.

Premium ndi ndalama imene mwini nyumba amalipira, kawirikawiri pa chaka. Chaka chikatha popanda ngozi ndalamayo sibwerera, yathandiza ena m'gulu lija.

Houseowners ndi inshulansi ya nyumba yeniyeniyo: makoma, denga, zitseko. Householders ndi ya katundu wa m'nyumba: mipando, TV, zovala. Mawu awiriwa amafanana pomveka koma ndi mapangano osiyana. Munthu wa lendi amafunika wachiwiriyu, poti ya landilodi siikhudza katundu wake. Amene wamanga nyumba ndi ngongole ya kubanki, bankiyo imafuna woyambayu.

Perils ndi mndandanda wa ngozi zimene zili m'panganomo, monga moto, mphenzi, mkuntho ndi madzi osefukira. Yang'anani ngati chivomezi chilipo. Tili m'mphepete mwa Rift Valley, ndipo chivomezi chinagwetsa nyumba ku Salima, oyandikana nafe, mu Malichi 1989, chinanso ku Karonga mu Disembala 2009.

Excess ndi gawo loyamba la chiwonongeko limene mwini nyumba amadzilipirira yekha. Excess ikakhala K200,000 ndipo chawonongeka n'cha K150,000, kampani siipereka kanthu.

Insurable interest ikutanthauza kuti mungaike pa inshulansi chinthu chokhacho chimene chitawonongeka woluza ndinu. Nyumba ya aneba ayi.

Indemnity ndiye mtima wa zonse: kampani imakubwezerani pamene munali ngozi isanachitike. Munthu salemererapo pa ngozi.

Sum insured ndi mtengo umene mwini nyumba walembetsa, ndipo kampani siingalipire kuposa pamenepo. Apa ndi pamene pali msampha.

Msampha wa average

Sum insured iyenera kukhala ndalama yomangira nyumbayo mwatsopano pa mitengo ya lero: njerwa, simenti, malata, matabwa, amisiri. Mtengo wa malo sulowamo, poti nthaka siipsa. Anthu ambiri amalembetsa ndalama imene anamangira kalekale, ena amachepetsa dala kuti premium itsike. Mumtima amati, "Nyumba yonse singagwe, likasasuka denga lokha ndalama yalembedwayi ikwana."

Siikwana. M'mapangano ambiri muli ndime yotchedwa average. Imanena kuti ngati mwalembetsa gawo chabe la mtengo weniweni, kampani ilipira gawo lomwelo la chiwonongeko chilichonse, chachikulu kapena chaching'ono.

Malipiro = sum insured ÷ mtengo womangira lero × chiwonongeko, kuchotsapo excess

Tiyerekeze banja lina ku Madisi. Nyumba yawo kuimanganso lero ndi K30 miliyoni, koma papepala pali K18 miliyoni. Mkuntho wasasula denga, kukonza kwake K5 miliyoni, excess ndi K200,000.

18 ÷ 30 × K5,000,000 = K3,000,000
K3,000,000 − K200,000 = K2,800,000

Banjali lipeze lokha K2.2 miliyoni, mvula ili mkati, fetereza sanagule, fizi ya teremu yachiwiri ikudikira. Akhoza kudandaula kuti aberedwa, chikhalirecho premium yawo inali ya magawo atatu mwa asanu a nyumbayo, ndipo alandira magawo atatu mwa asanu.

Chowawa n'choti munthu akhoza kugwa mumsamphawu asananame chilichonse. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chitsulo chopangira malata chimachokera kunja, ndiye mitengo inakwera. Nambala imene inali yolondola mu 2021 inatsalira kutali, ngakhale nyumba ndi yomweyo. Mankhwala ake ndi osavuta: chaka chilichonse polipira premium, funsani mmisiri kuti kumanganso nyumbayo kungadye zingati, musinthe sum insured.

Zimene kampani siilipira

Ndime ya exclusions ambiri amaidumpha, komatu ndi imene imadula milandu. Inshulansi ndi ya ngozi yadzidzidzi. Chiswe chikadya mitengo ya denga pang'onopang'ono, kapena malata akachita dzimbiri mpaka kubooka, kumeneko ndi kutha kwa zinthu, amati wear and tear, ndipo ndi udindo wa mwini nyumba. Apa fizikisi yathu ija yabweranso. Woyesa chiwonongeko, amene amatchedwa assessor, akafika amayang'ana ngati denga linachoka chifukwa cha mphamvu ya mkuntho kapena chifukwa choti mitengo inali itafumbwa kale. Kusamala denga kumateteza nyumba, kumatetezanso claim yanu.

Moto woyatsa dala salipira. Kuba kumene wakubayo sanathyole chitseko kapena windo nthawi zambiri salipira. Nyumba ikakhala yopanda anthu kwa masiku ambiri kuposa amene alembedwa m'pangano, chitetezo china chimaima.

Palinso lamulo lonena zoona, utmost good faith. Polembetsa muyenera kuulula chilichonse chokulitsa chiopsezo, ngakhale zitakweza premium. Khitchini yofolera ndi udzu yagundana ndi nyumba? Nenani. M'chipinda china mumasungamo mabelo a fodya kapena zigubu za petulo wogulitsa? Nenani. Mukabisa, tsiku la moto kampani ili ndi ufulu wokana claim yonse, ndipo ma premium a zaka zonse apita pachabe.

Ngozi ikachitika

Claim ndi pempho loti kampani ilipire. Dziwitsani kampani msanga, poti pangano limaika malire a masiku. Jambulani zithunzi pafoni musanasunthe kanthu. Phimbani ndi pulasitiki kuti mvula isapitirize kuwononga, koma musayambe kumanga assessor asanaone, ndipo malata opindikawo musagulitse kaye. Pa moto ndi kuba pamafunika lipoti la apolisi. Malisiti a katundu ndi pepala la policy muziwajambuliratu pafoni, poti mapepala amapsa limodzi ndi nyumba.

Ngati simukugwirizana ndi yankho la kampani, lembani dandaulo kukampaniko. Zikakanika, pitani ku Reserve Bank of Malawi. Gavanala wa bankiyi ndiyenso Registrar of Financial Institutions, amene amapereka ziphaso kumakampani a inshulansi ndi kumva madandaulo a makasitomala.

Ndikudziwa kuti nyumba zambiri kumidzi kwathu kuno sizili pa inshulansi, ndipo ngozi ikagwa timadalira abale, mpingo ndi thandizo la DoDMA kudzera kukhonsolo. Koma ena mwa inu makolo ali nayo kudzera kungongole ya banki ndipo sanaiwerengepo, ndipo zaka zikubwerazi osayina mapepalawa mudzakhala inuyo.

Ntchito ya sabata ino

1. Werengerani mphamvu yokokera m'mwamba pa denga la 60 m² mphepo ikamathamanga 30 m/s. Ndi matumba angati a chimanga?

2. Nyumba ina ku Ntchisi boma kuimanganso ndi K40 miliyoni, sum insured ndi K25 miliyoni, excess ndi K250,000. Moto wawononga za K8 miliyoni. Kampani ilipira zingati, ndipo banja lisake zingati?

3. Yang'anani denga la kwanu kuchokera mkati. Mitengo yamangidwa kukhoma ndi chiyani? Ngati kwanu kuli policy, pemphani makolo akuonetseni, mupeze sum insured ndi chaka chimene inasinthidwa komaliza.

Mayankho a 1 ndi 2 ndiwaika pano Lachisanu. Onetsani njira yonse, osangolemba yankho.