Mafuta ophikira akagwirana m'nyengo yachisanu

Funso: Ndimathyola tiyi kuno ku Chirinda, m'boma la Chipinge. Chisanu cha June chikafika, mafuta anga ophikira amachita mbuu, n'kugwirana pansi pa botolo. Kodi awonongeka?
Mayi wodandaula, Chirinda

Yankho: Ayi mayi, musawataye. Mafuta ena, makamaka a thonje ndi a kanjedza, ali ndi gawo lolimba lotchedwa stearin, lomwe limayamba kugwirana kukazizira. N'chimodzimodzi mafuta oyera aja oyandama pa msuzi wa ng'ombe wogonetsa. Stearin weniweni amachokera ku zinthu zotchedwa stearic acid ndi glycerol, amasungunuka pafupifupi pa madigiri 72, ndipo amapangira sopo ndi makandulo.

Viikani botolo m'madzi ofunda, mafutawo asungunuka. Lisungeni lotseka, pamthunzi. Koma akanunkha kapena kuwawa, atayeni. Wina akawadya n'kumasanza kosalekeza, thamangirani naye kuchipatala.